ZIMBABWE: Makompyuta akale atsala padzuwa pamene Micron yatseka malonda a Crucial

RUWA – Pa 3 Disembala 2025 kampani ya Micron Technology ya ku America idalengeza kuti ikusiya kugulitsa katundu wa dzina la Crucial kwa anthu wamba. Kampaniyi idati idzapitiriza kutumiza katunduyu m'masitolo kufikira kumapeto kwa Febuluwale 2026 basi, ndipo kuchokera pamenepo idzalimbikira kutumikira makasitomala ake akuluakulu, makamaka eni nyumba zodzaza ndi makompyuta zomwe zimatchedwa data centre.

Chilengezochi chidalembedwera anthu a masheya ndi atolankhani a zamalonda a kumayiko olemera. Komabe zotsatira zake zikufika mpaka ku Ruwa, tauni ya m'boma la Goromonzi yomwe ili pa mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 20 kum'mawa kwa mzinda wa Harare, m'mbali mwa msewu wa ku Mutare. M'tauniyi, monganso ku Lilongwe, Chipata ndi Tete, kompyuta yatsopano ndi ya ochepa. Ambiri amagwiritsa ntchito makina amene adatumikira kale zaka zawo m'maofesi a ku Ulaya, Dubai kapena South Africa, ndipo chomwe chimapatsa makina otere moyo wachiwiri ndi kachipangizo kopyapyala, kosaposa chikhatho cha munthu, kotchedwa SSD. Crucial lidali limodzi mwa maina amene okonza makompyuta ankakhulupirira pogula kachipangizoka.

SSD ndi nkhokwe ya kompyuta, monga momwe ilili hard disk yakale, koma ziwirizi zimagwira ntchito mosiyana. Hard disk ili ndi mbale zomwe m'malaputopu ambiri zimazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo kamkono konga ka galamafoni kamayendayenda pamwamba pake kufunafuna zomwe zidalembedwa. M'kati mwa SSD mulibe chilichonse choyenda. Zolembedwa zimasungidwa m'tizidutswa ta silikoni totchedwa NAND, luso lomwe Fujio Masuoka ndi anzake adatulukira ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Ndi tizidutswa tomweti timene tili m'fulashi, m'memole khadi ndi m'foni. Laputopu ya chaka cha 2013 imene imachedwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti iyake, ikaikidwa SSD imayaka m'masekondi owerengeka. Kusinthaku kumangofuna sikuludilaivala ndi munthu wodziwa, ndipo mtengo wake wakhala uli kagawo kochepa chabe ka mtengo wa makina atsopano.

Tauni yomera pa mafamu

Ruwa idamangidwa pa malo amene kale adali mafamu a azungu. Kalembera wa 2012 adapeza anthu pafupifupi 56,000 m'tauniyi, ndipo wa 2022 adapeza oposa 90,000. Madera monga Zimre Park ndi Damofalls adadzaza ndi nyumba, ndipo nyumbazo zidabwera ndi sukulu zoyima pazokha, tizipatala, matchalitchi, masitolo a zipangizo zomangira ndi timaofesi tojambula zikalata. Paliponse mwa malo amenewa pali kompyuta imodzi kapena ziwiri zomwe zimasunga kaundula wa fizi, mabuku a ngongole, malisiti ndi mayina a odwala.

Pakati pa anthu a m'chigawo chino cha Mashonaland pali ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amene adabwera kudzagwira ntchito m'mafamu. Ambiri adataya ntchito ndi pokhala pamene mafamu adalandidwa kuyambira mu 2000, ndipo lamulo la unzika lomwe lidasinthidwa mu 2001 lidasiya ena opanda dziko. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adatsegulanso njira ya unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo adachokera kumayiko a SADC, ndipo adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mabanja otere amadziwa kuwawa kwa kusowa chikalata. Chithunzi cha setifiketi yobadwira kapena cha chitupa cha agogo, chosungidwa pa laputopu yakale ya mdzukulu, si chinthu chosewera nacho.

Mndandanda wa katundu wa Crucial unkaonetsa bwino mmene ogula adagawikira. M'gulu lapamwamba mudali T705, yomwe idatuluka mu 2024 ndipo imatha kuwerenga mamegabaiti 14,500 pa sekondi imodzi, koma imafuna kompyuta yamakono kwambiri kuti liwiro lakelo lioneke. Pakati padali P3 ya 2022, kandodo kakang'ono ka mtundu wa NVMe, kofika mamegabaiti 3,500. Pansi padali MX500 ndi BX500, za mtundu wakale wa SATA, zomwe liwiro lake limathera cha m'ma 550. Poyerekeza ndi zinzake liwiro ili ndi la kamba, koma limaposa la hard disk ya laputopu pafupifupi kasanu. Chofunika kwambiri n'chakuti ziwirizi zimalowa m'malo momwemo muchotsedwa hard disk, popanda kusintha china chilichonse.

MX500, yomwe idatuluka kumapeto kwa 2017, idatchuka chifukwa cha kulimba. Idali ndi walanti ya zaka zisanu, ndipo ya magigabaiti 500 idatsimikiziridwa kuti ingalembedwe materabaiti 180 isanatope, mlingo womwe ofesi ya sukulu singaumalize ngakhale patapita zaka zambiri. Idalinso ndi chitetezo choti zomwe zidasungidwa kale zisaonongeke magetsi akathima mwadzidzidzi. BX500 ya 2018 idali mng'ono wake wotchipa, wa walanti ya zaka zitatu, wopanda kachipangizo kapadera kofulumizitsa ntchito. Kumapeto kwa 2024 nyuzipepala za zamakompyuta zidalemba kuti kupanga MX500 kukutha. Choncho chilengezo cha Disembala 2025 chidangomaliza ulendo womwe udayamba kale, ndipo woyamba kuchotsedwa adali katundu amene makina akale ankamufuna kwambiri.

Chifukwa chake Micron yachoka

Micron idayamba mu 1978 ku Boise, m'chigawo cha Idaho, ndipo idakhazikitsa dzina la Crucial mu 1996. Kusiya dzina la zaka 29 si chizindikiro cha kampani yomwe ikugwa. M'chaka chake cha zachuma cha 2025 Micron idagulitsa katundu wa madola oposa 37 biliyoni, ndalama zomwe idali isanapezepo m'mbiri yake. Mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyi, Sumit Sadana, adafotokoza kuti kukula kwa ma data centre chifukwa cha luso la AI kwakweza kwambiri chiwerengero cha zipangizo zosungira zomwe zikufunidwa, ndipo kampaniyi idasankha kupereka katundu wake kwa makasitomala akuluakulu amene msika wawo ukukula mofulumira.

Muzu wa nkhaniyi uli m'zaka za 2022 ndi 2023. Mliri wa Covid-19 utachepa, anthu adasiya kugula makompyuta ndi mafoni mwa chiwerengero cha m'mbuyomo, ndipo tizidutswa ta NAND tidaunjikana m'nkhokwe za mafakitale. Mitengo idagwa. Micron idataya madola pafupifupi 5.8 biliyoni m'chaka chake cha zachuma cha 2023, ndipo mu Epulo chaka chomwecho ngakhale Samsung, yomwe simakonda kutero, idalengeza kuti ichepetsa zopanga. Kwa wokonza makompyuta wa ku Ruwa kapena ku Limbe, miyezi imeneyo idali nyengo ya zokolola, pakuti SSD idali isanatchipepo chotero. Kwa opanga idali nyengo ya chilala, ndipo adaphunzirapo kuti asamathamangire kukulitsa mafakitale.

Kenaka kudabwera njala ya AI. Makina amene amayendetsa mapulogalamu monga ChatGPT amafuna mtundu wapadera wa memole wotchedwa HBM, womwe makampani atatu okha amapanga mochuluka, SK hynix, Samsung ndi Micron. Malinga ndi Micron yomwe, HBM imadya silikoni wochuluka pafupifupi katatu kuposa memole wamba wa mlingo womwewo. HBM si NAND, koma ndalama, akatswiri ndi malo a m'mafakitale zidapendekera komwe kuli phindu lalikulu. Mu 2025 ma hard disk akuluakulu nawonso adayamba kusowa, ndipo eni ma data centre adatembenukira ku ma SSD. Chaka chomwecho Micron idalengeza SSD yotchedwa 6600 ION ya materabaiti 122. Chipangizo chimodzi chotere chimasunga zinthu zofanana ndi ma BX500 a magigabaiti 240 oposa 500, ndipo wogula wake amaitanitsa zikwizikwi nthawi imodzi, pa mgwirizano wa miyezi kapena zaka. Palibe wamalonda amene angasiye kasitomala wotero kuti azigulitsa kamodzikamodzi m'timabokosi.

Vuto likukula chifukwa opanga NAND ndi ochepa. Pafupifupi tizidutswa tonse ta padziko lapansi timachokera ku Samsung ndi SK hynix za ku South Korea, Kioxia ya ku Japan, Sandisk ndi Micron za ku America, ndi YMTC ya ku Wuhan ku China. Maina ena ambiri amene amaoneka m'masitolo, monga Kingston, ADATA ndi Transcend, ndi a makampani ogula tizidutswati n'kutilumikiza. Opanga akakweza mtengo, palibe kothawira. Mu Januwale 2026 bungwe lofufuza za misika la TrendForce la ku Taiwan lidalosera kuti mitengo ya NAND ikwera ndi maperesenti oposa 30 m'miyezi itatu yoyamba ya chakacho, kuonjezera pa kukwera kwa kumapeto kwa 2025.

Katundu yenseyu amagulidwa ndi madola a ku America. Ku Zimbabwe dolayi imayenda m'masitolo pamodzi ndi ZiG, ndalama yomwe idayamba mu Epulo 2024, kotero kukwera kwa mtengo wa kunja kumafika kwa wogula monga kulili. Ku Malawi, komwe kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo ndalama zakunja zidakhala zikusowa m'mabanki, wamalonda amalipira kawiri, koyamba kwa wopanga ndipo kachiwiri kwa womugulitsa dola.

Magetsi

Chomwe chimasiyanitsa chigawo chino ndi misika yomwe katunduyu adapangidwira ndi magetsi. Mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority lidalamula kuti kupanga magetsi kumbali ya kum'mwera kwa Kariba kuyime chifukwa madzi adachepa, ndipo madera ambiri a Zimbabwe adakhala mumdima maola 18 kapena kuposerapo pa tsiku. Chilala cha 2024 chidabweretsa mavuto omwewo, makamaka ku Zambia. Ku Malawi namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Laputopu yokhala ndi batire lamoyo simva kuthimathima kumeneku, koma batire ndi chinthu choyamba kufa pa makina akaunjika, ndipo kompyuta ya pa desiki ilibe batire n'komwe. Magetsi akathima makina ali pakati polemba, hard disk imatha kuononga gawo la zolembedwa. SSD imapirira kugwedezeka ndi kugwa, ndiponso imadya mphamvu zochepa, zomwe zimathandiza ogwiritsa ntchito sola. Koma nayonso ili ndi pofooka pake. M'kati mwake muli kaundula wolozera pomwe chilichonse chidasungidwa, ndipo kaundulayu akasokonezeka pa SSD yopangidwa mosasamala, chipangizo chonse chimangozimirira ngati kuti sichidakhalepo. Hard disk ikamafa imachenjeza ndi phokoso, ndipo mmisiri waluso amatha kupulumutsamo zina. SSD kawirikawiri imafa mwakachetechete, ndipo kubweza zomwe zidali m'katimo n'kovuta ndiponso kodula. Ichi n'chifukwa chake dzina la wopanga lili ndi tanthauzo lalikulu ku Ruwa kuposa ku Boise.

Ndani atseke mpatawu

Mashelufu sadzakhala opanda kanthu. Micron idachitapo zotere m'mbuyomu. Mu 2017 idatseka dzina la Lexar, lodziwika pa makadi a makamera ndi mafulashi, ndipo kampani ya Longsys ya ku China idagula dzinalo n'kupitiriza malonda. Kingston ndi anzake akadali pa msika wa SATA, ndipo makampani a ku China monga Netac ndi Hiksemi akuoneka m'masitolo a m'chigawo chino. Ena mwa katundu wawo ndi wabwino ndithu. YMTC, ngakhale boma la America lidaiika pa mndandanda wa makampani oletsedwa kugula luso la dzikolo mu Disembala 2022, yapitiriza kupanga tizidutswa topikisana ndi ta anzake.

Choopsa chili pansi pa maina odziwikawa. Katundu akakwera mtengo, wachinyengo amapeza msika. Chinyengo chofala ndi chosintha pulogalamu ya m'kati mwa chipangizo kuti chizinena kuti chili ndi terabaiti imodzi pamene malo ake enieni ndi ochepa kwambiri. Masabata oyamba zonse zimayenda bwino. Malo enieniwo akadzaza, zatsopano zimayamba kulembedwa pamwamba pa zakale, mayina a mafayilo n'kumaonekabe, ndipo mwini wake amazindikira tsiku limene akufuna kutsegula kaundula wa chaka chatha. Palinso ma SSD ochotsedwa m'makina akale omwe amapukutidwa n'kugulitsidwa ngati atsopano. Popeza NAND imatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse ikalembedwa, wogula amalipira mtengo wathunthu pa chinthu chimene moyo wake udatha kale theka.

Njira zodzitetezera zilipo ndipo n'zaulere. Pulogalamu ya H2testw imadzaza chipangizo chonse n'kuwerenganso, ndipo imaulula malo enieni. CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene chipangizo chagwira ntchito ndi kuchuluka kwa zomwe zidalembedwapo, ngakhale achinyengo ena amafafaniza manambalawa. Mlembi wa pasukulu kapena msungichuma wa mpingo amene amaumirira kuti mayesowa achitike asanalipire amachepetsa ngozi kwambiri. Mabungwe oteteza ogula, monga Consumer Protection Commission ku Zimbabwe, Competition and Fair Trading Commission ku Malawi ndi Competition and Consumer Protection Commission ku Zambia, ali ndi mphamvu pa katundu wonama. Koma chinyengo cha mtundu uwu sichioneka ndi maso, ndipo wobedwa amazindikira patapita miyezi, lisiti litatayika, mwinanso wogulitsa atasamuka.

Micron idalonjeza kuti ipitiriza kulemekeza walanti ya katundu wa Crucial amene adagulitsidwa kale. Lonjezoli lili ndi phindu kwa amene adagula kwa wogulitsa wovomerezeka ndipo ali ndi lisiti. Kwa amene katundu wake adabwera m'chikwama cha wamalonda wodutsa pa Beitbridge kapena Mwanza, walanti yeniyeni ndi mawu a amene adamugulitsa.

Ena anganene kuti yankho n'kusunga zonse pa intaneti, makamaka popeza Starlink idayamba kugwira ntchito ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mu 2023, ndi ku Zimbabwe mu 2024. Kusunga kope lachiwiri kutali ndi nzeru yabwino, ndipo pa zikalata zofunika ndi chinthu chosayenera kuchizengereza. Koma kompyuta imafunabe nkhokwe yakeyake kuti iyake, ndipo malo a pa intanetiwo amakhala m'ma data centre omwewo amene akumeza NAND, amenenso amalipiritsa mwezi ndi mwezi m'madola.

Nkhaniyi yakumananso ndi ina. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018. Makampani a kumayiko olemera akamataya makina otere, ambiri amathera ku Africa. Chigawo chino chikhoza kulandira malaputopu otchipa ochuluka pa nthawi yomweyo imene SSD ndi memole zowadzutsira zikudula. Makampani ambiri amachotsa kapena kuphwanya nkhokwe za makina awo asanawagulitse, poopa kuti zinsinsi zawo zingatuluke, choncho gawo lina la katunduyu limafika lopanda kanthu m'mimba.

Mbali ina ya msewu womwewo

Boma la Goromonzi si mlendo pa chuma cha zipangizo zamakono. M'bomali muli mgodi wa lithiyamu wa Arcadia, womwe kampani ya Zhejiang Huayou Cobalt ya ku China idagula mu 2022 pa mtengo wa madola 422 miliyoni, ndipo fakitale yake yoyeretsera miyala idatsegulidwa mu Julayi 2023. Lithiyamu salowa m'SSD. Amapita m'mabatire a magalimoto, mafoni ndi malaputopu. Boma la Zimbabwe lidaletsa kutumiza kunja miyala ya lithiyamu yosakonzedwa mu Disembala 2022 pofuna kuti ntchito zambiri zizichitikira m'dzikomo.

Chakumadzulo kwa Ruwa, ku Msasa mumzinda wa Harare, kuli fakitale ya ZITCO yomwe idatsegulidwa mu 2021 mogwirizana pakati pa TelOne ndi kampani ya Inspur ya ku China, kuti izilumikiza makompyuta m'dzikomo. Kulumikiza kumapereka ntchito ndi luso, koma tizidutswa ta silikoni timachokerabe kunja, popeza mu Africa monse mulibe fakitale yopanga NAND. Ndipo mu Marichi 2025 kampani ya Cassava Technologies ya Strive Masiyiwa, mwana wa Zimbabwe amene adayambitsa Econet, idalengeza mgwirizano ndi Nvidia womanga malo a makompyuta a AI, kuyambira ku South Africa. Ndiye kuti chigawo chino chili mbali zonse ziwiri za mzerewu. Chili ndi wogula wamkulu mmodzi kapena awiri amene akhoza kukambirana ndi opanga, ndi ogula ang'onoang'ono osawerengeka amene amatola zotsala.

Pomwe maboma angachitepo kanthu ndi pa zogula zawo. Maunduna a zamaphunziro ndi zaumoyo akamaitanitsa makompyuta, akhoza kulemba m'mgwirizano mtundu wa SSD, mlingo wa zomwe ingalembedwe, zaka za walanti ndi wogulitsa wa m'dziko momwemo woyenera kubweza chowonongeka. Akhozanso kuika ndalama zokonzera makina amene ali kale m'masukulu m'malo mongolengeza za atsopano, pakuti nthawi zambiri chipinda cha makompyuta chimatsekedwa chifukwa cha zipangizo zing'onozing'ono zomwe palibe amene adaziika m'bajeti.

Kumbali ya opanga, mpumulo sudzabwera msanga. Fakitale ya tizidutswa ta silikoni imatenga zaka kuti imangidwe. Mu Januwale 2026 Micron idayamba kumanga fakitale yatsopano ya NAND ku Singapore, yomwe idati idzadya madola pafupifupi 24 biliyoni pa zaka 10, ndipo idzayamba kutulutsa katundu m'theka lachiwiri la 2028. Kampaniyi idalumikiza ntchitoyi ndi zofuna za AI ndi ma data centre. Pofika nthawi imeneyo, laputopu ya 2013 yomwe ili pa desiki ya mlembi wa sukulu ku Damofalls idzakhala ndi zaka 15.